Kodi Tikhulupirire Ndani pa Mankhwala Opha Udzu?

FUNSO: Akonzi, ndine mlimi wa chimanga ndi soya, ndipo chiyambireni ulimi wa mtayakhasu ndimapopera Roundup m'munda ndisanabzale. Mwana wanga wandiuza kuti ku America kampani yopanga mankhwalawa inalipira anthu chipukutamisozi chifukwa anadwala khansa. Wogulitsa mankhwala kwathu kuno akuti zimenezo ndi mphekesera chabe, popeza akatswiri anawayeza ndipo maboma anawavomereza. Kodi zoona zake ndi ziti? — Mlimi wa ku Mchinji

YANKHO: Bambo, mwana wanu sananame, ndipo wogulitsayo nayenso sananame ponena kuti maboma anavomereza mankhwalawa. Chimene wogulitsayo sanakuuzeni ndi chakuti umboni waukulu umene maboma amadalira povomereza mankhwala opha udzu umachokera kwa makampani omwewo amene akufuna kuwagulitsa, ndipo pa nkhani ya Roundup zikalata za m'khoti zinaonetsa kuti kampani inalowerera kafukufuku mozama kuposa mmene anthu ankaganizira.

Mphamvu ya Roundup ili mu glyphosate, mankhwala amene kampani ya Monsanto inayamba kugulitsa mu 1974. Mu Malichi 2015 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa ndipo likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, linanena kuti glyphosate akuoneka kuti angathe kuyambitsa khansa mwa anthu. Mabungwe oyang'anira mankhwala, monga EPA ya ku America ndi EFSA ya ku Ulaya, anatsutsa zimenezi. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa ziwiri. IARC imafunsa ngati chinthu chingayambitse khansa pa mlingo uliwonse, pomwe enawo amafunsa ngati chingaiyambitse pa mlingo umene munthu amakhudzana nawo akatsatira malangizo. Chachiwiri, IARC imawerenga kafukufuku amene ali poyera, amene katswiri aliyense angathe kumuunika, pomwe mabungwe a boma amadaliranso kwambiri malipoti a makampani amene kwa nthawi yaitali ankasungidwa ngati chinsinsi cha malonda.

Dongosolo limeneli silinayambe chifukwa cha chinyengo. Kuyeza mankhwala pa makoswe kwa zaka ziwiri kumadya ndalama zambiri, ndipo maboma anaona kuti n'koyenera kuti wofuna kupeza phindu ndiye azilipira. Vuto lake ndi lakuti wolipirayo ndi amene amasankha labotale, ndipo labotale imadziwa kumene ntchito yake yamawa ichokere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunadziwika kuti labotale ya Industrial Bio-Test ya ku America, imene inayeza mankhwala ambiri a ulimi kuphatikizapo glyphosate, inkapeka zotsatira, ndipo mu 1983 khoti linapeza akuluakulu ake atatu olakwa. Kafukufuku wambiri anachita kubwerezedwa.

Za Monsanto zinatulukira mu 2017, pamene makalata a m'kati mwa kampaniyo, amene oimira odwala pa milandu anawapeza kudzera m'khoti, anaikidwa poyera. M'kalata ina ya 2015, mkulu wina wa sayansi wa kampaniyo, William Heydens, anapereka maganizo akuti antchito awo azilemba okha mbali za lipoti, kenaka akatswiri a kunja azingokonza ndi kuikapo maina awo, ndipo anatchula lipoti la mu 2000 la akatswiri atatu, Williams, Kroes ndi Munro, monga chitsanzo cha mmene anachitira kale. Lipoti limenelo linanena kuti Roundup sivulaza anthu, ndipo kwa zaka zoposa 20 linkatchulidwa padziko lonse ngati maganizo a akatswiri oima paokha. Monsanto inakana kuti inalembera anthuwo, koma kumapeto kwa 2025 magazini ya sayansi imene inasindikiza lipotilo inalichotsa. Makalata omwewo anaonetsanso wantchito wa kampaniyo akufotokozera anzake kuti Jess Rowland, amene anali mkulu mu EPA, anamuuza kuti ayesetsa kuletsa nthambi ina ya boma kuunikanso glyphosate. Kwa ine mbali imeneyi ndi yopweteka kuposa zonse, chifukwa mlonda akayamba kudyera limodzi ndi amene akumulondera, eni mudzi amagona ali ndi chikhulupiriro chopanda maziko.

Ku Ulaya nakonso kunabuka mkangano pamene zinadziwika kuti bungwe la BfR la ku Germany, limene linalemba lipoti loyambirira la mayiko a European Union, linakopera ndime zambiri kuchokera m'zikalata za makampani. BfR inayankha kuti inaunika kaye zonse isanazilandire. Mkwiyo wa anthu unathandiza kuti pakhazikitsidwe lamulo latsopano, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2021, lokakamiza makampani kulembetsa kafukufuku wawo akamayamba kumene, kuti asamabise amene wawaipira, komanso kuti zotsatira zake ziziikidwa poyera. Ngakhale zinali choncho, mu 2023 European Union inaloleza glyphosate kwa zaka zina 10.

Si Monsanto yokha. Atrazine, amene amapezeka m'mankhwala ena opopera m'minda ya chimanga, ali ndi mbiri yofanana. Tyrone Hayes, katswiri wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, poyamba ankafufuza ndi ndalama za kampani yopanga mankhwalawa, ndipo atapeza kuti mlingo wochepa kwambiri unkasokoneza ziwalo zoberekera za achule, anasiyana nayo n'kusindikiza zimene anapeza mu 2002. Zikalata zimene zinatuluka pambuyo pake kudzera m'khoti zinaonetsa kuti antchito a Syngenta, kampani yopanga atrazine, ankakonza njira zomuonongera mbiri. Syngenta imatsutsa zimene Hayes anapeza mpaka lero. European Union inachotsa chilolezo cha atrazine mu 2004 chifukwa choipitsa madzi a pansi pa nthaka, koma ku America amagwiritsidwabe ntchito.

Tsono pa za chipukutamisozi. Mu 2018 khoti la ku San Francisco linagamula kuti Dewayne Johnson, amene ankapopera mankhwalawa pa mabwalo a sukulu ndipo anadwala khansa yotchedwa non-Hodgkin lymphoma, alandire madola 289 miliyoni, ngakhale kuti makhoti a apilo anatsitsa ndalamazo kufika pafupifupi madola 20 miliyoni. Kampani ya Bayer, imene inagula Monsanto chaka chomwecho, inavomera mu 2020 kupereka madola oposa 10 biliyoni kuti ithetse milandu yambirimbiri, koma sinavomere kuti mankhwalawo ndi amene anadwalitsa anthu, ndipo yapambananso milandu ina yambiri. Ndiyenera kukuuzaninso kuti kafukufuku wamkulu wa boma la America, amene anatsatira opopera mankhwala oposa 54,000 ndipo anatuluka mu 2018, sanapeze umboni womveka wogwirizanitsa glyphosate ndi khansa imeneyi. Choncho sindingakuuzeni kuti Roundup idzakudwalitsani. Chimene chatsimikizika ndi chakuti kampani inayesetsa kuumba umboni ndi kunyengerera oyang'anira, ndipo khalidwe lotere ndi loipa ngakhale mankhwalawo atadzapezeka kuti alibe vuto, chifukwa limachititsa kuti anthu asiye kukhulupirira ngakhale kafukufuku woona.

Kuno ku Malawi mankhwala a ulimi amalembetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2000. Mayiko osauka sangathe kubwereza kafukufuku wodula wa khansa pa mankhwala aliwonse olowa m'dziko, motero amadalira zikalata zimene olembetsa apereka ndi zigamulo za mabungwe akuluakulu akunja. Umboni ukapotozedwa ku America kapena ku Germany, kupotokako kumafika mpaka pa shelefu ya wogulitsa mankhwala ku Mchinji. Palinso china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri: mabungwe akamanena kuti mankhwala ndi osaopsa, amakhala akuganizira munthu wovala magolovesi, nsapato zazitali ndi zovala zophimba thupi lonse, osati mlimi wosavala nsapato amene sipuleya ikumuchuchira pamsana dzuwa likuswa mtengo.

Ngati mupitiriza kupopera, gulani mankhwala a m'botolo losatsegulidwa lokhala ndi malangizo ake, osati othiridwa m'mabotolo a zakumwa. Musapyole mlingo wolembedwa, musasakanize ndi manja, konzani sipuleya ikamadontha, ndipo musapopere kukuomba mphepo kapena pafupi ndi chitsime ndi mtsinje. Mukamaliza sambani ndi sopo, zovalazo muzichape pazokha, ndipo botolo lotha mulitsuke katatu, madziwo muwathire mu sipuleya, kenaka muliboole kuti wina asadzathiremo madzi akumwa kapena mafuta ophikira. Ana ndi amayi oyembekezera asagwire ntchito imeneyi.