Alcázar ya ku Seville: mzikiti kapena nyumba ya mfumu yachikhristu?

Mayi ena amene amakhala ku Leeds atilembera imelo. Akuti mu Julaye apita ku Spain ndi amuna awo ndi ana awiri, ndipo ku Seville akakhalako tsiku limodzi lokha. Pazithunzi zimene aona, Real Alcázar ikuoneka ngati mzikiti, koma mnzawo wakuntchito wawauza kuti ndi nyumba ya mafumu achikatolika. Ndiye akufunsa: zoona zake ndi ziti, kodi akavule nsapato kapena kufunda kumutu, nanga maola angati angakwane?

Mayi, mnzanuyo wanena zoona, komanso maso anu sanakunamizeni. Si mzikiti, si tchalitchi. Ndi nyumba yachifumu, ndipo mpaka lero mfumu ya Spain ikabwera ku Seville zipinda za pamwamba ndi zake. Nsapato simuvula, mpango sufunika. Kumene amayang'ana kavalidwe ndi ku Katedulo ili moyang'anizana nayo: kumeneko mapewa akhale ofunda, ndipo zovala zazifupi kwambiri zisiyeni kuhotela.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi ichi: mbali imene ikuoneka yachisilamu kwambiri inamangidwa ndi Mkhristu. Asilamu analamulira Seville kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 700 mpaka 1248, pamene Fernando III wa ku Castile analanda mzindawu. Panapita zaka zoposa 100, ndipo mu 1364 mfumu Pedro I anayamba kumanga nyumba yake mkati mwa linga lakale la Asilamu. Amisiri anawatenga ku Seville komweko, ku Toledo, ndi ku Granada, kumene kunali kukulamulirabe Msilamu, Muhammad V. Awiriwa anali pamgwirizano: Muhammad atalandidwa ufumu mu 1359, Pedro anamuthandiza kuubwezeretsa mu 1362. Kamangidwe kotere, ka luso lachisilamu pa nyumba ya Mkhristu, amakatcha Mudéjar, dzina limene ankatchulira Asilamu otsalira m'madera amene Akhristu analanda. Mukagwira mfundo imeneyi, makoma ayamba kuwerengeka. Mukapanda kutero, mungotuluka ndi zithunzi 200 za matailosi osadziwa kuti ndi za chipinda chiti.

Tiyambe ndi tikiti, chifukwa apa m'pamene tsiku la anthu ambiri limaonongekera. Gulani pa intaneti masabata awiri kapena atatu ulendo usanakwane, pa tsamba la eni ake, alcazarsevilla.org. Mukangolemba dzina la malowa pa Google, pamwamba pamatuluka masamba a anthu ogulitsanso matikiti omwewo pamtengo wokwera, ndipo amaoneka ngati enieni. Tikiti imakhala ndi dzina la munthu ndi nthawi yolowera, choncho tengani mapasipoti a anthu onse anayi. Ana aang'ono salipira ngati akuluakulu, koma nawonso amafunika tikiti yawoyawo; makolo ambiri amaiwala zimenezi n'kukazindikira ali pachipata. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala amatsegula 9:30 m'mawa n'kutseka 7 koloko madzulo. Inuyo tengani ya 9:30. Mu Julaye kutentha kwa ku Seville kumafika madigiri 40 kawirikawiri, ndipo kumafika pachimake cha m'ma 4 kapena 5 koloko masana, osati 12 koloko. Maola atatu akwana. Awiri ndi ochepa, pokhapokha mutaganiza zosiya minda.

Polowera ndi pa Puerta del León, khoma lofiira lokhala ndi chithunzi cha mkango wonyamula mtanda, pafupi ndi Plaza del Triunfo. Zikwama zimadutsa pa makina, ndiye masutikesi asiyeni. Mukangolowa, khamu lonse limathamangira kutsogolo. Inu khoterani kumanzere kaye, mulowe mu Sala de Justicia, chipinda chimene Alfonso XI, bambo ake a Pedro, anamanga cha m'ma 1340. Kuseri kwake mukasuzumira muona kabwalo kakang'ono kotchedwa Patio del Yeso. Aka ndiye kachisilamu kenikeni, ka m'zaka za m'ma 1100, nthawi ya mafumu a Almohad ochokera ku Morocco. Kalibe golide, kalibe mitundu yambiri: dziwe lalitali pakati, ndi khoma la pulasitala lobooledwa ngati ukonde. Mphindi 10 zikwana, koma kasungeni m'mutu, chifukwa ndiko mudzayerekezere zonse zotsatira.

Kenako bwalo lalikulu, Patio de la Montería, ndipo kutsogolo kwanu ndi khomo la nyumba ya Pedro. Imani kaye musanalowe, muyang'ane pamwamba pa mawindo, kunsi kwa denga lamatabwa lotulukira kunja. Pali chigamba cha matailosi abuluu ndi oyera chimene poyamba chimangooneka ngati mizere yokongoletsa. Ndi Chiarabu, ndipo mawu ake ndi mbalume ya mafumu a ku Granada yakuti palibe wopambana koma Mulungu, yolembedwa mobwerezabwereza. M'mphepete mwa chigambacho mwazungulira mawu a Chisipanishi otamanda Pedro monga mfumu ya Castile ndi León. Chaka cholembedwapo ndi 1402, koma musati buku lanu lalakwitsa: nthawi imeneyo ku Spain ankawerenga zaka ndi kalendala imene inali patsogolo ndi zaka 38. Chotsanipo 38, mupeza 1364.

Mukalowa simuona mkati mwachindunji. Njira imakhota, monga zimakhalira m'nyumba za Asilamu a kumpoto kwa Africa, kuti mlendo wa pakhomo asaone za m'banja. Kumanzere kumakufikitsani ku Patio de las Doncellas, bwalo limene mwina ndilo munaona pazithunzi. Otsogolera alendo amakonda kufotokoza kuti dzinali likuchokera ku anamwali 100 amene Akhristu ankapereka ngati msonkho kwa mafumu achisilamu chaka ndi chaka. Imeneyo ndi nthano chabe. Nkhani yoona ndi ya pansi pamene mwaimapo. Kwa zaka zoposa 400 bwaloli linali lowakidwa ndi miyala ya mabo ponseponse, mpaka akatswiri ofukula zakale atakumba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kupeza dziwe lalitali ndi timinda tiwiri tolowa pansi pafupifupi mita imodzi. Kulowa pansiko kunali ndi cholinga: mitengo ya malalanje ikakula, masamba ndi zipatso zimakhala pafupi ndi maso a munthu woyenda m'khonde, ndipo chinyezi chimakhalitsa. Tsopano kwezani maso. Nsanjika ya pamwamba ndi yosiyana, makomo ake ndi okhota mosalala ngati a ku Italy. Anaiwonjezera m'zaka za m'ma 1500, nthawi ya mfumu Carlos V. Pabwalo limodzi mukuona mibadwo iwiri, wina pamutu pa unzake.

Makoma a pano amatsata dongosolo limodzi: matailosi pansi, pulasitala wosema pakati, matabwa kudenga. Chifukwa chake n'chosavuta. Pansi m'pamene anthu amatsamira ndi pamene madzi okolopera amafika, ndiye pamafunika cholimba. Pulasitala ndi wofewa, amakhala kumene dzanja silifika. Yandikirani matailosiwo, koma osagwira. Muona kuti nyenyezi iliyonse si yojambula, ndi tizidutswa tolumikiza. Amisiri ankaotcha tailosi iliyonse ndi mtundu umodzi wokha, chifukwa mitundu iwiri ikakhala pa tailosi imodzi inkasungunuka n'kusakanikirana mu uvuni. Akaotcha ankadula tizidutswa ndi dzanja, n'kutiyala chafufumimba pansi, n'kuthira matope omatira kumsana, kenako n'kudzutsa chigamba chonse kukachimata kukhoma. Mmisiri ankayala osaona mitundu yake. Kachidutswa kamodzi kakalakwika, ankazindikira chigamba chitauma kale.

Pakati pa zokongoletsazo funani nyumba ya nsanja ndi mkango, zizindikiro za Castile ndi León. Zili pomwepo, moyandikana ndi mawu a Chiarabu otamanda Pedro monga sultan. Anawo apatseni ntchito yowerenga mikango, iwathandiza kupirira.

Chipinda chachikulu ndi Salón de Embajadores. Zitseko zake zamatabwa ndi za 1366, ntchito ya akalipentala a ku Toledo: mbali yakunja ili ndi Chiarabu, yamkati ili ndi mawu achikhristu. Makomo ake ndi atatuatatu, okhota ngati kabowo ka kiyi, mtundu umene unatchuka ku Córdoba m'zaka za m'ma 900. Denga lozungulira ngati theka la lalanje, lopakidwa golide, linapangidwa ndi kalipentala Diego Ruiz mu 1427, Pedro atamwalira kalekale. Pamakona, pamene chipinda cha ngodya zinayi chikukumana ndi denga lozungulira, pali zosema zonga zisa za njuchi zobisa polumikizirapo. Kunsi kwake kuli mzere wa zithunzi za mafumu a ku Spain, nkhope za anthu, chinthu chimene simungachipeze mumzikiti. Malo ano amadzaza msanga, ndipo magulu okhala ndi otsogolera akafika cha m'ma 10:30 kuima pakati kumavuta. N'chifukwa chake tikuti mufike kuno ola loyamba lisanathe.

Kabwalo ka m'banja, Patio de las Muñecas, kali chapafupi. Dzina lake, lotanthauza zidole, likuchokera ku tinkhope ting'onoting'ono tosemedwa m'munsi mwa limodzi la makomo okhota. Ana amatipeza msanga kuposa akuluakulu. Dziwani kuti nsanjika zake zapamwamba ndi denga lagalasi ndi za m'ma 1800, ndiye musazitenge ngati za Pedro.

Tinenepo pang'ono apa, chifukwa mabuku a alendo amakonda kunena za nyumbayi ngati umboni wakuti zipembedzo zinkakhala mwamtendere. Sizinali zophweka chotero. Pedro anasankha kamangidwe aka chifukwa ku Spain wa nthawi imeneyo ndiko kanali kamangidwe ka ulemerero, ndipo mfumu yofuna kuopedwa inkamanga motero. Iye mwini anaphedwa ndi mbale wake wa mimba ina, Enrique, ku Montiel mu 1369. Mu 1391 Ayuda ambiri anaphedwa m'dera loyandikana ndi linga lomweli, limene lero ndi Santa Cruz kumene alendo amakadya nkhomaliro. Mu 1502 Asilamu a ku Castile anauzidwa kuti abatizidwe kapena achoke, ndipo kuyambira 1609 zidzukulu zawo zinathamangitsidwa m'dzikomo. Luso lawo analisunga, eni luso ayi.

Mukatuluka kwa Pedro bwererani pa bwalo lalikulu lija muone Casa de la Contratación, ofesi imene inakhazikitsidwa mu 1503 kuti iziyang'anira zombo ndi malonda a ku America. Muli chithunzi chojambulidwa ndi Alejo Fernández, cha Maria atafunditsa amalinyero chovala chake. Mphindi 15 basi.

Kenako Palacio Gótico, imene mfumu Alfonso X anamanga m'zaka za m'ma 1200 pamwamba pa nyumba ya Almohad. Mukachoka kwa Pedro, zipinda zake zimaoneka zazitali ndi zopanda kanthu, ndipo ambiri amangodutsa. Onani matailosi ake a 1577, ntchito ya Cristóbal de Augusta. Awa ndi ojambula ndi burashi pa tailosi yathunthu, muli nyama, mbalame ndi nkhope, njira imene inachokera ku Italy ndipo inali yachangu kuposa kudula tizidutswa. Mbali ina ya nyumbayi inamangidwanso pambuyo pa chivomezi cha ku Lisbon cha 1755. Pansi pake, polowera kuchokera kumunda, pali Baños de Doña María de Padilla, mosungira madzi mwa denga lokhota, mwamdima ndi mozizira. Pa tsiku la Julaye amenewo ndiwo malo opumirako.

Minda ndi yaikulu, ndipo simungaimalize ndi ana padzuwa. Onani dziwe la Mercurio, kwerani pa Galería del Grutesco, khoma lakale la Asilamu limene katswiri wa zomangamanga Vermondo Resta analisandutsa khonde loyendapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, muone minda yonse kuchokera pamwamba muli pamthunzi. Mukatsika pitani ku kanyumba ka Carlos V, amene anachitira ukwati wake ndi Isabel wa ku Portugal mu Alcázar momwemu mu 1526. Malalanje a m'mitengo ndi owawa, ndi a mtundu womwewo umene ku Britain amapangira marmalade. Mapikoko amayendayenda momasuka, ana asawathamangitse. Tengani mabotolo a madzi, zipewa ndi nsapato zafulati, chifukwa pansi ndi pa njerwa ndi miyala. Potulukira ndi ku Patio de Banderas, ndipo mukatuluka simubwereranso ndi tikiti yomweyo.

Zipinda zapamwamba za mfumu, Cuarto Real Alto, zili ndi tikiti yapadera, nthawi yake yoikika, gulu laling'ono, ndipo kujambula n'koletsedwa. Kwa banja la ana awiri ndi tsiku limodzi, ife tikuti zisiyeni. Nthawi imeneyo ikagwire ntchito ku Katedulo, imene inamangidwa pamalo a mzikiti waukulu wa mzindawu. Nsanja yake, Giralda, inali yoitanira Asilamu kumapemphero, yomalizidwa mu 1198, ndipo gawo la mabelu analiika pamwamba mu 1568. Pokwera ndi njira yotsetsereka yokhotakhota, masitepe ndi ochepa chabe kumapeto, ndiye ana amakwera bwinobwino. Nayonso gulirani tikiti pa intaneti. Kunja kwake amayi ena amakupatsani kanthambi ka rosemary ngati mphatso kenako n'kufuna ndalama. Ingonenani "no, gracias" manja ali m'thumba.

Chomaliza, popeza simunatchule pasipoti imene muli nayo: ngati ndi ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Spain. Mukufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, aliyense yake, ana omwe, ndipo nyengo yotentha ikamayandikira masiku okaperekera mapepala amadzaza msanga. Pezani tsiku limenelo kaye, matikiti a Alcázar pambuyo.