Bwalo lathu la mpira: tiyambe ndi mpanda kapena chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlembi wa komiti ya bwalo lina la masewera kufupi ndi pa Ngabu. Akuti bwalo lawo, lomwe lili ndi mbali ya mpira wamiyendo ndi ya ntchemberembaye, chilimwe limang'ambika ming'alu, dzinja limasanduka dziwe. Atolera kandalama pang'ono ndipo anyamata akufuna mpanda wa njerwa kuti azilipiritsa pakhomo. Funso lawo: ayambe ndi mpandawo?

Achimwene, ayi. Yambani ndi madzi.

Dothi la kwanuko ndi makande. Likauma limang'ambika moti phazi la mwana limalowa, likanyowa limafufuma ndi kutseka, madzi osalowanso pansi. Kenako onjezani zomwe taona kuno kuchigwa: kusefukira kwa madzi kwa 2015, anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mpanda wa njerwa pamakande, opanda maziko akuya, umayamba ming'alu msanga, ndipo ukatchinga njira ya madzi umangosandutsa bwalo beseni.

Mvula yoyamba ikagwa, pitani pabwalopo ndi zikhomo. Paliponse pamene pakhala chithaphwi khomani chikhomo, ndipo onani kumene madzi akulowera okha. Ngalande ikumbidwe kunja kwa mizere, ikutsata njira imeneyo, ndipo m'mphepete mwake mubzale vetiva kuti isagumuke. Pakati pa bwalo pakhale potumphuka pang'ono, madzi azitsetserekera m'mbali. Malo okumbika, makamaka pamaso pa magolo, kwirirani ndi dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino. Ndowe kwanuko si nkhani, makola a ng'ombe ali paliponse.

Udzu wake ndi kapinga basi. Amayanga, amapirira kupondedwa, ndipo akauma mu Okutobala saafa, amaphukanso mvula ikabwera. Simugula, mumangozula m'mbali mwa minda ndi kuwokera mvula ikakhazikika. Chovuta ndi ichi: bwalo liyenera kupumula masabata angapo kuti agwire. Apa ndi pamene makomiti ambiri amagonja, chifukwa nthawi ya Khirisimasi ndiyo ya mabonanza. Gwirizanani ndi sukulu yapafupi kuti matimu akayambe asewera kumeneko. Za kuthirira ndi madzi a pamjigo, yambani mwalawa. Mijigo yambiri kuno ndi yamchere, ndipo mchere ukaunjikana pamakande dothi limayera pamwamba, udzu n'kuyamba kufooka.

Tsono mpanda. Adani a bwalo ndi mbuzi, ng'ombe ndi ngolo zodutsa chidule dothi lili lonyowa. Khonje wobzala mothithikana patali ndi mizere amathandiza. Nkhadze ayi, utomoni wake ndi woopsa m'maso mwa ana. Komabe kuposa zonsezi, pitani kwa a mfumu akalengeze malire ndi chindapusa cha wolowetsa ziweto. Ndipo zamalirezo zilembedwe, kope lina lipite ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) ndi kukhonsolo, poti mabwalo ambiri amatha ndi munthu womanga grosale pakona, mawa wina n'kutsatira.

Musaiwale mthunzi. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo amayi oonera ntchemberembaye sangaime padzuwa loteroli. Nimu amachita bwino kwathu kuno ndipo sayoyola masamba onse chilimwe. Bzalani kumadzulo kwenikweni, kuti mthunzi uzigwera oonera masana, koma patali ndi bwalo chifukwa cha mizu. Mtengo uliwonse uutchingire ndi minga, apo ayi mbuzi zikuthokozani.

Ndalama yotsala gulani mapaipi achitsulo a magolo, mamita 7.32 chopingasa ndi 2.44 kupita m'mwamba, muwazike ndi simenti. Amitengo chiswe sichichedwa nawo. Anyamata ofuna za pakhomo aja auzeni kuti pamasewera akuluakulu mutha kutchinga ndi mphasa za bango zobwereka, n'kuzibweza madzulo ake.