Musamukoke kunsi kwa bedi, achemwali

Achemwali, ndaumva uthenga wanu uja, ndiye ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kundichedwetsa. Mwati galu mwakatenga kumalo osungira agalu osowa mwini uja, wa miyezi 5, lero ndi tsiku lachitatu ali kunsi kwa bedi, sakudya munthu akamamuona, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kum'bweza. Ayi, chonde musam'bweze. Masiku atatu ndi ochepa kwambiri.

Anthu osamalira agalu otere amakonda kunena kuti masiku 3, masabata 3, miyezi 3. Masiku oyambawo galu amangokhala ndi mantha okhaokha. Pakatha masabata 3 amayamba kudziwa kuti pakhomo pano zimayenda chonchi, ndipo pofika miyezi 3 m'pamene mtima umakhala pansi. Si kuti galu aliyense amatsata ndendende, wamantha ngati wanuyo akhoza kupitirira.

Komanso musafulumire kuganiza kuti ankamenyedwa. Mwina inde. Koma mwana wa galu amazolowera anthu ndi phokoso la pakhomo ali ndi masabata 3 mpaka cha m'ma 12 kapena 14. Nthawi imeneyo ikamudutsa ali kwayekha, chilichonse chimamuopsa, tsache, wailesi, ngakhale mwana akungoseka.

Wanga uja mukumudziwa, amene amakuchingamirani pakhomo mchira uli m'mwamba. Atangobwera anakhala kuseri kwa mpando sabata yathunthu. Madzulo aliwonse ine ndinkakhala pansi chapatali, nditamupatsa mbali, osamuyang'ana m'maso, chifukwa kwa galu kumuyang'anitsitsa kuli ngati ukumuputa. Ndinkaponya kachidutswa ka nyama pafupi ndi iye, osati pafupi ndi ine ayi, kuti adye popanda kudzikakamiza kubwera. Osamuitana, osatambasula dzanja. Ndiye tsiku lina ndili chikhalire, ndinangomva mphuno yozizira ikundinunkhiza pachidendene. Achemwali, mtima unagunda, ndinkafuna kutembenuka ndimusisite, koma ndinadzigwira. Ananunkhiza, n'kubwerera kumalo kwake. Mawa lake anagona pafupi ndi phazi langa.

Ndiye inu chitani chomwecho. Kunsi kwa bediko musamukoke, ndi kokhako kumene akuona kuti n'kotetezeka. Mbale ya chakudya ndi ya madzi muike pafupi, inu n'kutuluka. Nthawi yodyera ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, galu wamantha amakhazikika akadziwa chimene chikubwera.

Za ana ndiye ndinene motsindika. Ndikudziwa akufunitsitsa kumunyamula, n'chikondi chimenecho, koma auzeni kuti asamukumbatire, asamutsekereze pakona, asalowetse manja kumene wabisala. Aphunzitseni kuona zizindikiro. Akapinda mchira pakati pa miyendo, makutu atagona kumbuyo, akamanyambita milomo pomwe sanadye kanthu, kapena kuyasamula pomwe alibe tulo, ndiye kuti zamukwana, musiyeni. Ndipo akalira kukhosi kuja n'kuonetsa mano, musamumenye, musamukalipire. Akukuchenjezani. Mukam'letsa kuchenjeza, tsiku lina adzangoluma osanena. Ingobwererani m'mbuyo. Chimodzimodzi akakodza m'nyumba, pukutani mwakachetechete, nthawi zambiri ndi manthawo.

Eya, ndisaiwale za chitseko. Agalu amantha amathawa kwambiri masiku oyambirirawa, ndipo akathawa sabwera pomuitana chifukwa sanakudziweni. Aliyense wolowa kapena kutuluka aziyamba waona kumene galu ali. Potuluka naye panja akhale pachingwe, ndipo ndi bwino lamba wovala pachifuwa, chifukwa wa m'khosi yekha amauvula akadzidzimuka n'kukokera m'mbuyo. Alendo abayamba adikira, asabwere kudzamuona sabata ino.

Chinthu chimodzi chokha chimene sindikufuna mudikire ndi thanzi lake. Mwati sakudya anthu akamamuona, koma kodi usiku mbale ikumatha? Ngati ikutha, palibe vuto. Koma ngati tsiku lonse ndi usiku womwe sanalawe kanthu, kapena akusanza, kapena akutsegula m'mimba mwa magazi, pitani naye lero lomwe kwa dokotala wa ziweto, chifukwa izi zikhoza kukhala zizindikiro za parvo, matenda a m'matumbo amene amapha ana a agalu msanga. Afunseninso aja anakupatsani galuyo khadi lake la katemera. Wa chiwewe amabaya kuyambira miyezi 3, ndiye wanuyo msinkhu wakwana, onani ngati anabayidwa. Mufunsenso za mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa.

Usiku uno muikireni chakudya, muzimitse magetsi, mutseke chitseko. M'mawa mujambule mbaleyo mutumize pagulu pano, ndione mmene wadyera.