Chiikireni Windows 11, Wi-Fi Ikungodukaduka

FUNSO: Akonzi, chiikireni Windows 11 mu laputopu yanga, Wi-Fi ikumaduka pakangopita mphindi 15 kapena 20, kenako n'kubwerera yokha. Foni ili pa rauta yomweyo koma sikuvuta. Kodi laputopuyi yatha?

YANKHO: Ayi, sinathe. Ngati foni ikugwira bwino pa rauta imodzimodziyo, kawirikawiri rautayo imakhala ilibe mlandu. Vuto liyenera kuti lili mu kompyutamo, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi draiva, kapulogalamu kolumikizitsa Windows ndi kachipangizo ka Wi-Fi. Windows yatsopano ikamalowa, nthawi zina imachotsa draiva ya opanga laputopu n'kuikapo yake, kapena imasiya yakale yomwe sikugwirizana nayo.

Musanagwire draiva, yambani ndi chosavuta. Dinani batani la Windows limodzi ndi X, sankhani "Device Manager", tsegulani "Network adapters". Pezani dzina lomwe lili ndi mawu oti Wireless kapena Wi-Fi, mwina la Intel, Realtek kapena MediaTek, ndipo mulidine kawiri. Pa "Power Management" chotsani chongi pa mawu oti "Allow the computer to turn off this device to save power". Chongicho chimalola Windows kugoneka kachipangizoka pofuna kusunga batire, ndiye nthawi zina kamachedwa kudzuka. Malaputopu ena atsopano alibe tsambali, musadabwe.

Zikapitirira, bwererani pomwepo mutsegule "Driver". Ngati "Roll Back Driver" ikudinika, idineni kuti draiva yakale ibwerere. Ngati ayi, tengani draiva pa webusaiti ya opanga laputopuyo, yogwirizana ndi mtundu weniweni wa makina anu. Batani la "Update driver" musalidalire kwambiri, limakonda kungonena kuti muli kale ndi yabwino. Mapulogalamu odzitama kuti amakonza madraiva onse nthawi imodzi aja, asiyeni ndithu.

Muli ndi VPN (pulogalamu yobisa zomwe mukuchita pa intaneti) kapena antivayirasi yomwe munaika kale pa Windows 10? Izi zimaika tizidutswa tawo panjira yomwe deta imadutsa. Zichotseni kaye, muyese kwa tsiku limodzi, kenako muike zatsopano.

Zikakanikabe, tsegulani "Command Prompt", zenera lolembamo malamulo a kompyuta, posankha "Run as administrator", lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta. Palinso "Network reset" mu Settings, pansi pa "Network & internet" ndi "Advanced network settings". Koma imeneyi imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi omwe munasunga, choncho alembeni kaye papepala.

Kubwerera ku Windows 10 n'kotheka mu Settings kudzera pa "System", "Recovery", "Go back", koma mkati mwa masiku 10 okha chiikireni yatsopanoyo. Ife sitikulimbikitsani, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwachizolowezi pa 14 Okutobala 2025.