Zii ndi duu si chinthu chimodzi

Achemwali, mwafunsa kuti kukhala chete kungaimire bwanji kanthu m'ndakatulo pamene ndakatulo yonse ndi mawu. Ine ndimati yambani ndi Chichewa chathu, chinasiyanitsa kale. Zii ndi pakhomo pamene anthu achokapo. Duu ndi munthu amene mawu ali nawo koma wawameza. Mlakatuli akasankha limodzi mwa awiriwa, wanena zambiri asanapite patali.

Kuno ku Zomba duu timamudziwa bwino. M'nthawi ya Kamuzu alakatuli a ku Chancellor College ankazembera m'miyambi ndi m'nthano, kulankhula za bilimankhwe akutanthauza anthu. Mmodzi wa iwo, Jack Mapanje, anamangidwa mu 1987 n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Mukawerenga ndakatulo za masiku amenewo, musaganize kuti chete wake ndi mtendere. Ndi mantha, mwina mkwiyo wovala jekete. Paja akuluakulu anati chetechete sautsa nyama, koma apa ndiye anautsa ndithu, boma mpaka kutekeseka.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'kulemba kuti "kunali chete." Mzere wotere ngwakufa. Onetsani chimene chasiya kumveka. Mayi anga atamwalira ndinavutika milungu ingapo, mpaka ndinangolemba za musi wotsamira pa mtondo kuseri kwa khitchini, m'katimo mwagwera masamba a mango. Mawu oti maliro sindinawatchule n'komwe. Nditaiwerenga kwa mlongo wanga, anadzuka n'kutuluka panja.