Mmene mpikisano wa The Open unayambira, ndi chifukwa chake wopambana amalandira jagi

Mwafunsa zinthu ziwiri: ngati ndi zoona kuti mpikisano wa gofu wa The Open unayambira ku St Andrews, tauni ya kum'mawa kwa Scotland, komanso chifukwa chimene wopambana amalandirira jagi yothirira vinyo m'malo mwa chikho chonga cha masewera ena. Yankho la funso loyamba ndi lakuti ayi. Mpikisanowu unayambira ku Prestwick, tauni ya m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Scotland, pa 17 Okutobala 1860, ndipo maulendo 12 oyambirira onse unachitikira komweko. Ku St Andrews unafikako mu 1873. Funso la jagi silingayankhidwe bwino popanda kufotokoza za lamba amene ankalimbirana jagiyo isanabwere, choncho ndiyambira kumeneko.

Masiku amenewo amene ankadziwadi kusewera gofu sanali mabwana a m'makalabu, koma anthu amene ankawagwirira ntchito: onyamula ndodo, osula ndodo, opanga mipira ndi osamalira bwalo. Mabwanawo ankabetcherana ndalama pa anthu amenewa, ndipo aliyense ankadziwa kuti woposa onse anali Allan Robertson wa ku St Andrews. Robertson atamwalira mu 1859, panalibe amene akananena motsimikiza kuti wolowa m'malo mwake ndi ndani. Mkulu wina wa kalabu ya Prestwick, James Ogilvie Fairlie, analembera makalata makalabu ena kuti atumize onyamula ndodo awo odziwa kusewera ndi akhalidwe labwino kuti adzapikisane. Anabwera anthu asanu ndi atatu okha. Bwalo la Prestwick linali ndi maenje 12, osati 18 monga tinazolowera lero, kotero analizungulira katatu pa tsiku limodzi, maenje 36 onse pamodzi.

Ambiri ankayembekezera kuti apambana Tom Morris, amene pambuyo pake anadziwika kuti Old Tom, chifukwa bwalolo analiyala yekha ndipo ndiye ankalisamalira. Morris anaphunzira ntchito kwa Robertson yemweyo, yopanga mipira yachikopa imene ankaifutira nthenga zophika mkati mwake mpaka kulimba. Zimasimbidwa kuti awiriwa anayambana pamene Robertson anamupeza Morris akusewera ndi mpira watsopano wa gutta-percha, wopangidwa ndi utomoni wa mtengo, umene unali wotsika mtengo kwambiri moti unkaopseza malonda a mipira ya nthenga. Ndi mkangano umenewu umene unathandiza kuti Morris asamukire ku Prestwick mu 1851. Komabe pa tsiku la mpikisano anagonja kwa Willie Park wa ku Musselburgh, amene anamenya mpira ka 174 pamene Morris anamenya ka 176, pakuti pa gofu wopambana ndi amene wamaliza maenje onse atamenya kochepa.

Park sanalandire ndalama. Analandira lamba wachikopa chofiira wokhala ndi chomangira chasiliva, wa mtengo wa mapaundi 25, ndipo lamulo linali lakuti aliyense wopambana katatu motsatizana atenga lambayo kukhala wakewake. Chaka chotsatira, mu 1861, anagwirizana kuti khomo litsegukire aliyense, kuphatikizapo osewera mongosangalatsidwa amene sadyera gofu, ndipo dzina la mpikisanowu, Open, kutanthauza wotsegukira aliyense, linachokera pamenepo. Ndalama zinayamba kuoneka mu 1863, mapaundi 10 okha, ndipo chodabwitsa n'chakuti anagawana amene anatsatira wopambana, iye n'kungotenga lamba. Mu 1864 wopambana anayamba kulandira mapaundi 6.

Zaka zoyambirirazo lamba ankangosinthana manja pakati pa Park ndi Morris, kupatula mu 1865 pamene anapambana Andrew Strath. Morris anapambana mu 1861, 1862, 1864 ndi 1867. Mu 1862 anasiya wachiwiri wake ndi kumenya 13, kusiyana kumene palibe wakufikapo mu The Open mpaka lero, ndipo mu 1867 anali ndi zaka 46, zimene zimamupanga kukhala wamkulu koposa onse amene anapambanapo mpikisanowu. Amene analemba lamulo la katatu motsatizana ayenera kuti ankaganiza kuti ndi chinthu chovuta kwambiri kuchitika, ndipo ngakhale akuluakulu awiriwa analepheradi. Anaiwala mwana amene ankakulira pa bwalo lomwelo.

Mwana wa Morris, Young Tom Morris, anapambana mu 1868 ali ndi zaka 17, bambo ake n'kukhala achiwiri. Palibe wina wamng'ono chotere amene wapambanapo mpikisano uliwonse waukulu wa gofu ya amuna. Mu 1869 anapambananso, ndipo pa dzenje lachisanu ndi chitatu analowetsa mpira atamenya kamodzi kokha, koyamba kuti zimenezi zilembedwe mu mpikisanowu. Koma chaka chimene ine ndimachiona kukhala chachikulu ndi 1870. Dzenje loyamba la Prestwick linali lotalika mayadi 578, ndipo mnyamatayu analimaliza atamenya katatu kokha. Tizikumbukira zida zimene anali nazo m'manja: ndodo za mpini wamtengo wa hickory umene umapindika ukamamenya, mpira wouma wa utomoni umene suuluka kutali, ndi bwalo la mchenga ndi udzu wolimba limene silinkametedwa ndi makina onga a masiku ano. Anamaliza maenje 36 atamenya ka 149, kusiya otsatira ake ndi 12, ndipo nambala imeneyi sinatsitsidwe nthawi yonse imene mpikisano unali wa maenje 36. Kumeneku kunali kupambana kwachitatu motsatizana, choncho anavala lambayo n'kupita naye kwawo.

Apa ndi pamene jagi ikubwerera. Mu 1871 mpikisano sunachitike n'komwe, chifukwa kunalibe choti apikisanire, ndipo a ku Prestwick anayamba kukambirana zoti makalabu ena awathandize kusenza katunduyo. Zokambiranazo zinatha mu Seputembala 1872, pamene makalabu atatu, Prestwick, Royal and Ancient ya ku St Andrews ndi Honourable Company of Edinburgh Golfers imene inkasewera ku Musselburgh, anagwirizana kusonkha mapaundi 10 aliyense kuti agule mphoto yatsopano, komanso kuti azilandirana mpikisanowo chaka ndi chaka. Anasankha jagi yasiliva ya mtundu umene mabwana a nthawi imeneyo ankathirira vinyo wofiira wa ku France patebulo, ndipo inapangidwa ndi kampani ya Mackay Cunningham ya ku Edinburgh. Lamulo loti wopambana katatu atengeretu mphoto silinabwezeretsedwenso, ndipo anachita mwanzeru, chifukwa Jamie Anderson anapambana katatu motsatizana kuyambira 1877 mpaka 1879, Bob Ferguson n'kuchita chimodzimodzi kuyambira 1880 mpaka 1882.

Mpikisano wa 1872 anapambananso Young Tom, kachinayi motsatizana, koma popeza jagi inali isanathe kupangidwa anamupatsa mendulo. Dzina lake ndi limene linazokotedwa koyamba pa jagiyo, ngakhale kuti woyamba kuinyamula anali Tom Kidd, wonyamula ndodo wa ku St Andrews, mu 1873. Young Tom sanakhalitse. Mu Seputembala 1875, akusewera ku North Berwick pamodzi ndi bambo ake polimbana ndi Willie Park ndi mng'ono wake Mungo, kunabwera uthenga woti mkazi wake wadwala kwambiri pobereka, ndipo pofika kwawo anapeza mayi ndi khanda atamwalira. Iye anamwalira pa tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho ali ndi zaka 24.

Zaka zotsatira ndingozidutsa mwachangu. Mu 1890 John Ball anakhala Mngelezi woyamba kupambana, komanso woyamba mwa osewera osalipidwa. Mu 1892 maenje anawonjezedwa kufika pa 72, oseweredwa masiku awiri, ndipo mu 1894 mpikisano unatuluka mu Scotland koyamba kukachitikira ku Sandwich, kum'mwera kwa England. Kuyambira chaka chimenecho mpaka 1914 amuna atatu, Harry Vardon, J.H. Taylor ndi James Braid, anapambana maulendo 16 mwa 21. Vardon, wa pa chilumba cha Jersey, anapambana kasanu ndi kamodzi, ndipo palibe wamupeza. Pakati pa nyengo yawoyi, Sandy Herd anapambana mu 1902 ndi mpira wa Haskell wokulungidwa ndi ulusi wa labala, umene unathetsa nthawi ya gutta-percha, ndipo Arnaud Massy wa ku France anakhala woyamba wochokera kunja kwa Britain mu 1907. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaimitsa mpikisano kuyambira 1915 mpaka 1919.

Chimene chimasokoneza anthu pa nkhani ya St Andrews ndi chakuti kuyambira 1920 udindo wonse woyendetsa mpikisanowu unaperekedwa kwa Royal and Ancient, pamene Prestwick inaulandira komaliza mu 1925, bwalo lake litachepa ndi khamu la oonerera limene linkathithikana mpaka kusokoneza osewera. Jagi yoyambirira ija ikusungidwa ndi kalabu ya ku St Andrews yomweyo, ndipo imene mumaiona ikukwezedwa pa kanema ndi yofanana nayo imene inayamba kuperekedwa mu 1928. Wopambana amaisunga chaka chimodzi n'kuibweza.

Kusiyana pakati pa mabwana ndi osewera olipidwa kunatenga nthawi yaitali kuti kuthe, ngakhale kuti mpikisano wonse unaima pa luso la olipidwawo. Mu 1920, pamene mpikisano unachitikira ku Deal, ku England, olipidwawo sankaloledwabe kulowa m'nyumba ya kalabu kukasintha zovala kapena kukadya. Walter Hagen wa ku America, atakanizidwa kulowa, anabwereka galimoto yapamwamba n'kuiimika pafupi ndi khomo la nyumbayo, ndipo ankasinthira nsapato momwemo mamembala akuona. Patapita zaka ziwiri, mu 1922 ku Sandwich, Hagen anakhala munthu woyamba wobadwira ku America kupambana The Open, ndipo anadzapambananso mu 1924, 1928 ndi 1929.