Ku Zomba tikaoneko chani ndi ana?

Funso: Akonzi, tikufuna kubwera ku Zomba ndi ana asukulu, kupatula phirilo kulinso chani choti akaone? Mphunzitsi, Balaka

Yankho: Bwerani ndithu aphunzitsi, paja Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe ndiye mbiri ndiyambiri heavy. Yambirani pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) chija, anawo adziwe kuti makolo athu anafera ku nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ine zimandikhudza kwambiri zimenezi. Kenako kaoneni Palamenti yakale, aphungu ankakumanabe mmenemo mpaka 1994. Komatu phirilo musalisiye, kwerani mpaka ku Chingwe's Hole koma anawo muwagwire manja chifukwa dzenjelo ndilakuya zoopsa. Majuzi tengani, kumtundako kumazizira.